Tsiku Limene Njinga ya Atate Inaliranso

Ndikukumbukira chilimwe chimene atate aang'ono anafika kwathu ndi injini m'bokosi lamatabwa. Inali nthawi ya Chitaganya, ine ndili ndi zaka khumi. Tinkakhala m'mudzi wa amayi cha ku Sinda, kamtunda pang'ono kuchokera pamsewu waukulu wopita ku Lusaka.

Pa nthawiyo n'kuti atate atamwalira kale. Iwo anali mkamwini wochokera ku Vubwi, munthu wokonza zigayo ndi makina osokera. Ankazungulira midzi ya Katete ndi Sinda pa njinga yamoto yakale, ya nthawi ya nkhondo, imene anagula kwa mzungu wina wolima fodya. Tsiku lina m'dzinja, mlatho wamitengo unathyoka iwo ali pakati pake. Anthu anakawapeza kumunsi kwa mtsinje madzi ataphwera. Njinga inabwera pangolo maliro atatha, injini itang'ambika, kutsogolo kutapindika. Abale a atate atabwera kudzatenga katundu, ananyamula masipanala, jekete ndi nsapato, koma njingayo anangoiyang'ana n'kuisiya. Injini yong'ambika ija anadzaimasula wosula makasu wa m'mudzi woyandikana nafe. Chimene chinatsala ndi felemu, thanki, chishalo ndi matayala akuphwa, zitatsamira pamtengo wa mango kuseri kwa nkhokwe.

Ana anzanga ankaopa kudutsa pamenepo. Ankati kukachita mitambo njingayo imadzilirira yokha, ndipo mayi wina analumbira kuti anaona madzi akudontha m'thanki mwezi wa dzuwa, fumbi lili koboo. Ine sindinkaopa. Ndikaweruka kusukulu ndinkakwera pachishalo, n'kugwira mahandulo, n'kutsinzina. Chishalocho chinkakhala chofunda ngakhale chinali pamthunzi, ndipo sindinkafuna kudziwa chifukwa chake. Ndikatsinzina ndinkamva kulira kwa njingayo monga kunkamvekera atate akamapatuka pamsewu waukulu: kulira kwamanzenene, kosafulumira, ngati akazi akusinja kutsidya kwa dambo. Nkhope ya atate inali itayamba kundithawa, poti panyumba panalibe chithunzi chawo. Koma kulira kuja ndinali nako, ndipo ndinkakusunga ndekha.

Amayi sankayandikira pamtengo paja. Popita kunkhokwe ankazungulira mbali ya kukhola la mbuzi, ngakhale kukhale matope. Sanandiletsepo kukwera. Ankangondituma kuchitsime, nthawi zina mtsuko uli wodzaza.

Atate aang'onowo dzina lawo linali a Yobe, mng'ono wawo wa atate, ndipo ankagwira ntchito ku migodi. Maliro sanawapeze. Anatsika lole pamsewu, amuna awiri n'kuwanyamulira bokosi lija atalipachika pamtengo. Nditawaona akubwera m'kanjira, ndinangokhala pansi. Msinkhu unali wa atate, mapewa a atate, ngakhale kayendedwe kopendekera kumanja. Atayandikira m'pamene ndinaona mpata wa m'mano ndi chipsera chapachibwano, zimene atate analibe.

Analira maliro ndi amayi pakhonde monga mwa mwambo. Kenaka anapita kuseri kwa nkhokwe n'kuima nthawi yaitali, dzanja lili pathanki.

"Esinati, akuti amene amaisamala njingayi ndiwe?" anandifunsa.

"Inde, atate."

"Ukufuna iyendenso?"

Ndinavomera asanamalize n'komwe. Sizinandifikire m'mutu kufunsa kuti ikadzayenda idzalowera kuti.

Injini ya m'bokosi inali ya njinga yatsopano imene inagundidwa ndi galimoto ku migodi. Njingayo inatheratu, koma injini inapulumuka. Inali yowala, yopepuka, yonunkhira mafuta abwino. Ine ndinkaganiza kuti tingoikweza, timange mabawuti, basi. Koma inakana. Mabowo ake sankakumana ndi a felemu. Akaikankhira kutsogolo, mutu wake unkagunda thanki. Akaibweza kumbuyo, tcheni sichinkalunjika ku tayala. Atate aang'ono ankadula makatoni poyeza zitsulo zimene zikanalumikiza ziwirizo, ine ndikuwagwirira, nyerere za mumango zikutigwera m'khosi. Dzimbiri tinkalichotsa ndi mchenga ndi zisanza mpaka zala zanga zinasupuka. Masiku onsewo amayi ankatibweretsera chakudya n'kuchiika pakona pa nkhokwe, osapitirira.

Tsiku lina masana atate aang'ono anaponya sipanala pansi n'kukhala pamuzu.

"Yakana, mwana wanga. Kutsogoloku n'kopindika, ndipo pano palibe moto woti ungawongole chitsulo chotere. Kapena mkulu wanga sakufuna."

"Akufuna!" ndinatero, misozi ili kale m'masaya. "Inu simukuwadziwa. Akufuna."

Anandiyang'ana modabwa, pakuti mwana wamkazi sankayankha wamkulu motero. Koma sanandikalipire. Anati ku Katete kuli munthu amene angathe, kungoti njinga yosayenda siingafike kumeneko yokha. Ndinathamanga kwa amalume anga kukapempha ngolo ndi ng'ombe. Ndinagwada, ndinalonjeza kudzawakololera nsawa, ndinalira mpaka anavomera kuti ndisiye kuwasokosera.

Tinanyamuka mbandakucha. Munthuyo anali Che Saidi, Myao wobadwira ku Nyasalande, amene anali ndi kasitolo kutsogolo ndi malo owotcherera zitsulo kuseri. Anali wamfupi, wa kachisoti koyera, wosachedwa kuseka. Anaizungulira njingayo, anaigogoda apa ndi apo, n'kuyamba ntchito. Anatenthetsa kutsogolo kuja mpaka kunafiira, n'kukuwongola pang'onopang'ono ndi mpaipi wautali. Anadula zitsulo zolumikizira kuchokera ku pulawo yakutha. Anamanga ulusi kuchokera ku tayala lakumbuyo kufika pa injini, n'kumasuntha injiniyo mpaka ulusi unawongoka. Thanki anaikweza m'mwamba pang'ono kuti mutu wa injini upeze malo.

Kenaka anaboola mpaipi wapansi wa felemu kuti alowetsemo bawuti. Atasolola choboolera, pabowopo panayamba kutuluka mchenga. Unali woyera, wosalala, wouma, ndipo unkangotsika osaleka mpaka unapanga kamulu pansi pakuda ndi mafuta paja. Che Saidi anasiya kuseka.

"Kodi njingayi inamirapo?"

"Inamira," anatero atate aang'ono. "Pamodzi ndi mwini wake. Uyu ndi mwana wake."

Che Saidi anaika chitsulo pansi, ananong'ona mawu a pemphero la kwawo, n'kudikira mpaka mchenga unatha. Palibe anaupondapo. Ine ndinkauyang'ana ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona mtsinje uja m'maso mwanga, madzi ofiira akulowa m'mipaipi, akulowanso kwina kumene sindinkafuna kuganiza. Kufikira tsiku limenelo, m'mutu mwanga atate ankangokhala ali m'njira, akubwera.

Potsanzikana, Che Saidi anauza atate aang'ono kuti injiniyo inali yamphamvu kuposa felemu, choncho asamaithamangitse m'mabampu. Ine anandipatsa siwiti, koma ndinafika nayo kumudzi isanamatulidwe.

Mawaya ndi paipi ya utsi tinamalizira kunyumba. M'mawa wa tsiku loliza, amayi analawirira kudimba kudambo. Atate aang'ono anathira petulo, anavala kapu yawo, anakhala pachishalo n'kuponda chitsulo cholizira injini. Inangotsokomola. Anapondanso kangapo, thukuta likuyenderera. Mwadzidzidzi inalira.

Nkhuku zinabalalika, mbuzi zinadumpha m'khola, ana a mudzi wonse anathamangira kwathu akukuwa. Ine ndinangoima. Kulira kwake kunali kwina: kofulumira, kopyapyala, kobaya m'makutu. Ndinatsinzina kuti ndimve kwa atate kuja, koma chimene ndinkamva ndi chatsopanocho basi. Ndinatseka makutu ndi manja, ndinayesanso. Panalibe. Kuyambira m'mawa umenewo sindinakumvenso, ngakhale kumaloto.

Nditatsegula maso ndinaona amayi akuthamanga kuchokera kudambo. Duku linali litagwa, manja ali matope mpaka m'zigongono. Chibadwire sindinawaonepo akuthamanga.

"A Banda! A Banda inu!"

Umu ndi mmene ankawaitanira atate. Atate aang'ono anali atafulatira, atawerama pamahandulo. Nawonso anali a Banda, choncho anatembenuka.

Amayi anaima ngati agunda khoma. Nkhope imene inali itawala inazima ine ndikuona. Atate aang'ono anathimitsa injini, ndipo pabwalo panangoti zii, kupatula chitsulo chotentha chimene chinkathetheka pang'onopang'ono. Ana aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi popanda wowathamangitsa.

"Pepani, alamu," anatero amayi motsitsa mawu. Anayang'ana manja awo amatope, n'kulowa m'nyumba.

Mawa lake atate aang'ono anamangirira chikwama chawo kumbuyo kwa chishalo. Ndinaganiza kuti akupita kukayesa njinga pamsewu, mpaka nditawamva akutsanzika kwa amalume. Ankapita ku Vubwi kwa amayi awo, ndipo njinga inkapita nawo. Anandiitana kuti andikweze tizungulire mudzi kamodzi. Ndinakana. Ndinaima pansi pa mango mpaka fumbi lawo litakhazikika. Pamene panali matayala panatsala timaenje tiwiri ndi udzu wachikasu.

Ndinawada atate aang'ono ndi mtima wanga wonse. Ndinkati anabwera kudzandinyenga, kundigwiritsa ntchito kuti andibere. Amayinso sindinkawalankhula bwino, chifukwa sanawaletse. Iwo anandisiya choncho masiku angapo. Kenaka tsiku lina tikuswa nsawa pakhonde, anayamba kulankhula maso ali palichero.

"Alamu usawade, Esinati. Ndine ndinatumiza mawu ku migodi kuti abwere adzaichotse."

Ndinasiya kuswa.

"Iwe ukaiona unkaona atate ako akubwera. Ine ndinkaona ngolo. Tsiku lililonse ndikatsegula chitseko, ngolo ija inkalowanso pabwalo pano. Ndinawapempha kuti angoinyamula palole, koma iwo anati njinga ya mkulu wawo siichoka ngati mtembo kachiwiri, ichoka ikuyenda."

"Nanga bwanji munathamanga?" ndinafunsa.

Anafikisa khoko la nsawa m'zala.

"Ndinkadziwa kuti ndi alamu. Anandiuza dzulo lake kuti ailiza m'mawa, n'chifukwa chake ndinathawira kudimba. Mutu unkadziwa zonse, mwana wanga. Miyendo ndiyo siinamve."

Ndinafuna kuwauza zimene ine ndinataya m'mawa uja, koma ndinasowa poyambira. Iwonso sanandifunse. Tinapitiriza kuswa nsawa mpaka lichero linadzaza.

Njinga ija inawatumikira atate aang'ono zaka zambiri. Ndinadzagwirizana nawo nditakula, ndipo ndi iwo amene anaimira mbali ya atate paukwati wanga. Za chilimwe chija sitinakambiranepo.

Tsopano ndine nkhalamba, ndaika anthu ambiri, ndipo chimene ndinayamba kuphunzira pakhonde paja ndachimvetsa mochedwa. Anthu a nyumba imodzi amaika maliro amodzi, koma salira munthu mofanana. Chinthu chimene wina akupumirapo, mnzake chikumulasa, ndipo awiriwo akhoza kudyera mbale imodzi chaka ndi chaka osadziwana. Amayi sanalakwe kufuna mpumulo. Inenso sindinalakwe kukakamira. Chimene chinasowa n'chakuti wina akhale pansi n'kufunsa mnzake zinthu zisanachitike.

Amuna anga atamwalira, mwana wathu womaliza anatenga chijasi chawo n'kumafunda pogona. Ine ndikachiona pamphasa m'mawa, ndinkaona chipatala, chifukwa ndicho anavala ulendo wawo womaliza. Mbale wawo wina anachipempha, ndipo mtima wanga unati ndimupatse tsiku lomwelo mwana ali kusukulu. Ndinachipinda, ndinachiika m'thumba. Kenaka ndinachitulutsanso. Mwana atabwera ndinamukhazika pansi, ndinamuuza zimene ine ndimaona, n'kumufunsa zimene iye amaona. Anati m'kolala mukadali fungo la atate ake. Anapempha kuti chikhale mpaka fungolo lidzathe lokha.

Linatenga nthawi yaitali kuti lithe. Ndinadikira.