Chishango cha Atate ndi Denga Lathu

Ndikukumbukira chishango cha atate, anzanga, ndikuchikumbukira ngati ndachiona m'mawa uno. Chinali cha chikopa cha ng'ombe yamphongo, chakuda uku, choyera uku, chachitali kundiposa ine. Chinkakhala pakhonde, chokolekedwa pansanamira yoyang'ana ku Phiri la Dedza. Nkhondo zinali zitatha, mikondo itachita dzimbiri, amuna a Chingoni atagwira makasu. Anzawo a atate ankatulutsa zishango zawo tsiku lovina ngoma basi, ena mpaka anazilekerera makoswe n'kudya. Koma atate anga, a Ngozo, chawo anachipatsa ntchito ina. Chinkawauza za kumwamba.

M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, ankaima pakhondepo, n'kupinda chala, n'kugogoda. Chikalira ngo ngo ngo, chouma, cholimba, ankati, "Yanikani ufa." Chikalira phu phu phu, ngati munthu wamenya dzungu lowola, ankati, "Lowetsani nkhuni." Basi, kwatha. Sanali munthu wa mawu ambiri atate. Chikopa chimamwa chinyontho cha mumphepo munthu asanachimve pakhungu, ndipo khutu lawo linali litazolowera kulira kwake kuyambira unyamata wawo.

Inu a kuno kwathu mukuudziwa mwezi uja womalizira kuzizira, umene lero timauti Ogasiti. Mwezi wosakhazikika mtima. M'mawa chisanu mbuu kudambo, mapazi kuuma ngati si ako. Masana dzuwa, dzuwa lenileni, mpaka kufunafuna mthunzi. Madzulo kavuluvulu kuvina pabwalo ndi makoko a chimanga. Mitengo ya m'phiri yayamba kuphuka timasamba tofiira, iwe n'kumati kuzizira kwapita, kwapita ndithu. Kenako mwera n'kutembenuka, nkhungu n'kutsika phiri, mawawa n'kuyamba, kamvula kaja kosagwa koma kongoyandama, konyowetsa mpaka m'mafupa. Pawailesi masiku ano amati chiperoni. Ife tinkangoti mawawa.

Chaka chimenecho ine mano akutsogolo anali atagweluka, ndipo amayi, a Naphiri, anali ndi khanda kumsana, mlongo wanga Matiyasi. Kamwana kochepa, kopepuka ngati chitsononkho, chifuwa chake chikulira ngati kamwana ka mphaka. Pakati pa ine ndi iye panabadwa ana awiri, ndipo onse awiri anatisiya nyengo yozizira. Ndiye Matiyasi akangotsokomola, amayi ankasiya chilichonse chimene chinali m'manja.

Denga lathu linali litatha. Udzu utada ndi mwaye, utapyapyala, mapaso atadyedwa ndi chiswe. Masana dzuwa linkalowa timadontho timadontho pansi, ine n'kumatiponda posewera. Amayi anati mwana uyu sangapirire dzinja pansi pa denga lotere. Anamweta udzu okha, mwana kumsana, zenga m'manja, mitolo n'kuunjika kuseri kwa nyumba. Atate anadula mitengo ya mapaso, anasenda luzi n'kuliviika. Koma ntchito ya denga lotere si ya tsiku limodzi. Lero kusasula lakale ndi kumanga mapaso atsopano, mawa kufolera. Pakatipo banja limagona m'zipupa zokha, pamwamba pali pululu. Mungafunse kuti bwanji osakagona kwa anansi. M'mudzi munali mutalowa chifuwa chokoka mtima, ana akutsokomola nyumba ndi nyumba, ndipo amayi sankalola kuti Matiyasi alowe khomo la munthu wina.

Denga limafuna anthu, ndipo anthu amafuna mowa. Amayi anatenga chimera chawo chomaliza, anasinja, anaphika, anasefa, mbiya n'kudzaza. Mowa wa dima sudikira munthu, anzanga. Ukapsa wapsa. Ukauchedwetsa umasasa, ndipo wosasa palibe amakwerera denga.

Tsiku linafika, ndipo kunacha bwino. Kunacha bwino, kunacha bwino. Phiri mbee, mwala uliwonse kuoneka, thambo lopanda ngakhale kamtambo konga nthenga. Amuna anabwera ndi nkhwangwa ndi mipeni, akuseka, akununkhiza kumene kunali mbiya. Patsogolo pawo panali amalume a Kamtedza, mlongo wa amayi, munthu wa pakamwa posapuma. Iwo anali atatsamiritsa kale mtengo wokwerera padenga pamene atate anatuluka, n'kupinda chala, n'kugogoda.

Phu phu phu.

Anagogodanso cha m'mphepete. Phu. Anaima kanthawi akuyang'ana kummwera, kumene kunalibe kanthu koti munthu n'kuyang'ana. Kenako anati, "Denga lisakhudzidwe lero."

"Alamu, mwati chiyani?" anafunsa amalume, mwendo umodzi uli kale m'mwamba.

"Ndati tsikani."

"Kumwambaku mwakuona koma? Kapena maso munawasiya kunkhondo?"

"Za lero ndaziona. Ndikunena za mawa."

Amalume anatsika, n'kutembenukira anzawo. "Ng'ombe iyi inafa ine ndevu zisanamere, koma ikulamulabe pakhomo pano. Angoni inu. Mkazi mumamumva pang'ono, chikopa mumachimva kwambiri."

Anthu anaseka, nanenso ndinaseka ndi usinini wanga. Amayi okha sanaseke. Anabwera pafupi ndi atate, n'kulankhula motsitsa mawu, koma ine ndinali pamiyendo pawo ndipo ndinamva zonse.

"A Ngozo, mowa wapsa. Chimera china ndilibe. Mukawabweza anthuwa, denga ili tilowa nalo m'dzinja. Mwanayu mukumumva mmene akupumira."

"Ndikumumva, Naphiri," anatero atate. "N'chifukwa chake."

Onse awiri ankaopa chinthu chimodzi, onse awiri ankayang'ana kamutu kamodzi komweko kali kumsana, koma wina akuti sasulani, wina akuti lekani. Atate anauza amuna aja kuti anyamule mitolo ya udzu aiike pakhonde ndi pansi pa nkhokwe, pamene singanyowe. Ntchito yochepa, yotha dzuwa lisanatenthe. Itatha anati, "Mowa usasase. Anthu amwe."

Ndipo anthu anamwa. Anamwa, anzanga, chipanda chikuyenda dzanja ndi dzanja, dzuwa likuwala ngati likuchitira dala. Phiri mbee, thambo mbee. Amalume ankati akamwa, n'kudzuka, n'kupita pansanamira paja, n'kugwada, chipanda m'manja awiri. "Imwaniko, agogo, mwagwira ntchito yaikulu lero." Pakapita kanthawi n'kubwereranso, khutu n'kuliika pachikopa. "Akuti mvula yawo yachedwa panjira, yaima kwa Apwitikizi ikupempha fodya." Anthu kugubuduka ndi phwete. Akazi odutsa popita kuchitsime ankayang'ana kumwamba, n'kuyang'ana denga lathu lakuda, n'kugwira pakamwa.

Atate anakhala pansi pa mthunzi wa nkhokwe akupota luzi pantchafu. Sanakwiye, sanapitenso kukagogoda kuti anthu amve. Wina akawapatsa chipanda ankalawa n'kupatsira mnzawo. Ndakula, ndakalamba, ndaona amuna olimba mtima amitundumitundu, koma sindinaonepo wina wonga ameneyu. Kukhala tsiku lathunthu padzuwa lowala, anthu akumwa mowa wa mkazi wako, akukuseka pakhomo pako, iwe osagwedezeka. Ena amati atate anali ngwazi kunkhondo. Kumeneko ine kunalibe. Ine ndinawaona pansi pa nkhokwe.

Dzuwa linakalowa lili psuu, kopanda mtambo. Anthu anabalalika akuimba. Amayi anatsuka mbiya zopanda kanthu, akuzikhula mwamphamvu mpaka kulira, ndipo anandiuza ine, mokweza kuti wina amve, "Mawa chikopa chimenecho ndichiviika m'madzi, ndisokere mwana mbereko. Chigwireko ntchito yooneka." Atate anangotsokomola pang'ono, n'kulowetsa nkhuni zonse m'nyumba, mtolo ndi mtolo, mpaka zotsalira zazing'ono zomwe.

M'mawa mwake ndinatenga kamtsuko kanga kuti ndipite kumadzi. Nditatsegula chitseko, phiri kunalibe. Nkhokwe kunalibe. Mbuzi ndinkazimva kulira koma osaziona. Dziko lonse linali litalowa m'nkhungu, ndipo pankhope panga panagwa timadzi tozizira ngati singano. Mawawa. Anabwera mwakachetechete, opanda bingu, opanda mphezi, n'kukhala pansi ngati mlendo wosafulumira kubwerera kwawo.

Anakhala masiku angapo. Kucha nkhungu, kuda nkhungu, mwera ukulira m'mitengo. Nkhuku zinaunjikana pakhonde mapiko ali pansi, nsalu zosauma, moto wa anansi ukungofuka utsi chifukwa nkhuni zawo zinagona panja. Koma denga lathu lija, lakuda lija, lonyozeka lija, linagwira. Mvula yeniyeni silikadaitha, koma mawawa linawatha. Linkadontha malo amodzi okha, ndipo tinatcherapo phale. Matiyasi anali pachifuwa pa amayi, pafupi ndi moto wa nkhuni zouma, wofunda, wouma, akuyamwa. Ndinaona amayi akuyang'ana kudenga nthawi yaitali. Tikadasasula, pamenepo pakadakhala thambo, ndipo timadzi tija tikadagwera pakamwanako. Anangowonjezera chikuni, n'kuwakankhira atate mbatata yootcha yaikulu kuposa zonse.

Amalume anatulukira m'nkhungumo atafunda chikopa cha mbuzi, mano akugundana. Asanatipatse moni ife, anaima pansanamira, n'kuomba m'manja mwaulemu. "Mwadzuka bwanji, agogo? Pepani za dzana, unali mowa." Kenako analowa n'kutambasula manja pamoto. "Alamu, ng'ombe yanuyi ikadakhala yamoyo ndikadaipatsa madeya anga onse." Atate anamwetulira, ndipo kumwetulira kwa atate kunali kosowa ngati mchere.

Koma nkhawa inali ikadalipo. Denga linali lomwe lija, dzinja likubwera, mowa unatha, chimera palibe. Ndani akwere padenga la munthu kukhosi kuli gwa?

Tsiku lina m'mawa, nkhungu ikadali pamutu pa phiri, ndinadzidzimuka ndi kulira kwa pakhonde. Ngo ngo ngo. Ndinayang'ana pamphasa, atate anali akadali gone. Ndinasuzumira panja. Anali amayi, mwana kumsana, chala chopinda, khutu pafupi ndi chikopa chija ankati achisoke mbereko. Anagogodanso cha m'mphepete, monga ankachitira eni ake. Ngo ngo.

"A Ngozo, dzukani mudzamve."

"Ndamva," anayankha atate ali m'nyumba. "Tumani mwana kwa alamu."

Ndinathamanga, anzanga, ndinathamanga mame akundimenya m'miyendo. Amalume ndinawapeza akusukusula. Nditanena uthenga anandiyang'ana ndi diso limodzi. "Nanga mowa uli kuti, iwe wopanda mano?" Iwo n'kuseka, n'kudzimenya pamimba. "Mowa tinamwa kale. Uli muno, ukudikira ntchito yake." Anatenga nkhwangwa, n'kuyenda khomo ndi khomo akuitana aliyense amene anagwira chipanda tsiku lija, ndipo panalibe amene anakana.

Pofika iwo nkhungu inali itachoka. Phiri mbee, thambo mbee, ndipo ulendo uno chikopa chinali kuvomereza. Anasasula denga lakale, mwaye kugwa, makoswe kuthawa, amuna kuda ngati makala. Anamanga mapaso atsopano, luzi kulira pokoka. Tinagona m'zipupa zokha, kamphepo kouma, Matiyasi atakulungidwa pakati pa amayi ndi atate. Kutacha mitolo inayamba kuuluka kuchoka pansi kupita pamwamba, udzu wouma, wachikasu, wonunkhira dzuwa. Fungo limenelo, anzanga, fungo la udzu watsopano, mpaka lero ndikalimva miyendo imafuna kuvina. Amalume atamanga nsonga pamwamba, amayi analiza nthungululu, imodzi yaitali, mpaka agalu a tsidya lina anayankha. Anthu anamwa madzi a m'chitsime n'kubwerera kwawo akuimba ngati amwa mowa.

Dzinja linabwera ndi mvula yake, ndipo m'nyumba mwathu simunagwe dontho. Matiyasi anakwawa chaka chimenecho, anayenda chinacho.

Lero madenga ndi a malata, amakhomedwa m'mawa, madzulo anthu agonamo. Mowa wa dima ukusowa, ndipo ana a ana athu akafuna kudziwa za mawa amatsegula wailesi. Sindikuinyoza wailesi, imayesetsa. Koma imanena za chigawo chonse nthawi imodzi, pamene kuno kwathu mbali iyi ya phiri kukhoza kukhala mawawa, mbali inayo anthu akuyanika ufa. Imalankhula za dziko, siilankhula za pakhomo pako.

Chishango chija chilipo. Ubweya unatha, chakuda ndi choyera sizikusiyananso, koma chili pakhonde la Matiyasi, pansi pa malata. Matiyasi yemweyo, kachitsononkho kaja, lero mutu uli mbuu, zidzukulu bwalo lonse. Mwezi uja ukafika amamvera wailesi mpaka ithe, kenako amatuluka, n'kupinda chala, n'kugogoda. Amadandaula kuti khutu lake silimva bwino ngati la atate. Ine ndimangomuuza kuti, "Gogodani basi, achimwene. Chikopa chimenecho chinakudziwani musanachidziwe."