Raketi ya Che Adamu ndinaipinda ndine

Pho... pho... pho. Kulira kwa mpira wa tenisi m'nkhungu ya m'mawa ku Mzuzu ndimakumvabe mpaka lero. Inu owerenga, ndinanamiza munthu amene anandikhulupirira, ndipo bodzalo sindinalibweze.

Ndinakulira ku Zolozolo ndi agogo, makolo anga atamwalira. Sindinali wolankhulalankhula. Popita kusukulu ndinkaima pa waya wa bwalo la tenisi n'kumaonerera Che Adamu, bambo wa ku Mangochi amene anali ndi golosale ku Salisbury Lines. M'nkhungumo ankaoneka ngati akuyandama. Tsiku lina anandifunsa dzina, n'kulonjeza kuti adzandiphunzitsa.

Mu 1992, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, kunamveka kuti m'golosale mwawo mumadutsa timapepala ta matipate. Masana ena anafika kwathu ali wefuwefu, atanyamula raketi yawo yathabwa. Mutu wake unali m'chopanira cha matabwa chomanga ndi masikuluwu anayi. Anati akuthawira ku Tanzania, ndiwasungire. Anandiuza chinthu chimodzi chokha: ndisaichotse m'chopaniramo, chifukwa chinyontho cha Mzuzu chimapinda thabwa.

Ndinapirira mwezi umodzi. Kenako ndinamasula masikuluwu aja kuti ndingoigwira. Inali yopepuka, chogwirira chake chachikopa chikununkhira thukuta ndi sopo. Ndinatola mpira wothothoka ubweya n'kuyamba kumenya pakhoma la kuseri kwa nyumba. Khomalo linkasanduka bwalo lalikulu, nthochi za agogo n'kukhala anthu ondiombera m'manja. Ndinkadziona nditavala zoyera, ndikukwera ndege.

Tsiku lina ndinasewera m'mvula yowaza mpaka raketi inanyowa. Poopa, ndinaiyanika pafupi ndi mbaula. Nditabwerako kotunga madzi, ndinapeza zingwe zitatu zitaduka, mutu utapindika ngati chipande. Ndinayesa kuibwezera m'chopanira, koma nditati ndimange, thabwa linalira n'kung'aluka. Ndinaikulunga m'thumba la feteleza n'kuikankhira kunsi kwa bedi.

Referendamu itadutsa, Che Adamu anabwerera ataonda koma akuseka. Atafunsa za raketi, pakamwa panga panatuluka mawu amene sindinawakonze. Ndinati anyamata a chipani anabwera kudzafufuza m'nyumba ndipo anaitenga. Masiku amenewo bodza lotere linkakhulupirika msanga, poti ambiri zinawachitikiradi. Agogo anali pakhonde akusankha nyemba. Anandiyang'ana kamodzi, n'kupitiriza kusankha nyemba zawo.

Chimene chimandiwawa n'choti bamboyo anagwada pamaso pa agogo n'kupepesa. Anati anatiika pamoto chifukwa cha kathabwa chabe. Kuyambira pamenepo ankatitumizira shuga ndi sopo, ine n'kumamwa tiyi wothira shuga yemweyo. Anabwereka raketi ina kuti andiphunzitse monga analonjezera, koma ndinkazemba. Ndinasintha njira ya kusukulu. Mpira ukamalira patali, ndinkafulumiza mapazi.

Inu owerenga, makamaka achinyamata, mukaononga chinthu cha mwini, pitani nacho m'manja chili chothyokacho. Adzakalipa tsiku limodzi, mwina awiri. Ine ndinaopa kukalipiridwa, ndipo ndinataya mphunzitsi, ndinataya masewera amene ndinkawalota, ndinasenzetsanso munthu wosalakwa mlandu umene sunachitike. Musanamizire nyengo yoipa zolakwa zanu. Anthu anavutikadi nthawi imeneyo, ine ndinaba mavuto awo n'kudzifunditsa.

Chisankho cha 1994 chitatha, Che Adamu anagulitsa golosale kuti abwerere kwawo. M'mawa wa ulendowo anadzera kwathu, lole ya katundu ikudikira kumsewu.

"Monire amama," anatero kwa agogo m'Chitumbuka chawo chopotoka chija. "Ndabwera kudzatsanzika. Mnyamata wothawathawayu alipo lero?"

Ndinatuluka. Thumba lija linali kuseri kwa khoma limene ndinatsamira, ndipo agogo anandiyang'ananso. Ndinatsegula pakamwa.

"Yewo, Che Adamu," ndi zokhazo zimene ndinanena.

Anapisa m'chikwama n'kutulutsa chitini chachitali cha mipira itatu yatsopano, chosatsegula.

"Ndinagula ku Mbeya ndili kothawa. Ndimati tidzatsegulira limodzi, umve mmene chimapumira mpweya pochitsegula. Usadziimbe mlandu, mwanawe. Amene anatenga aja ndinawakhululukira kale."

Anandiika chitinicho m'manja, n'kutsetsereka kupita kumsewu.