Shafti ya lole ili pa chitsime

Moni nonse. Amene simunafike pamaliro a malume, imvani zimene zachitika lero.

Tinanyamula bokosi pa lole yanga kuchokera kunyumba ya maliro ku Unit K. Tili pafupi ndi manda, lole inatitimira m'matope. Ndinatsika, ndinatseka mahabu a pamatayala akutsogolo, ndinakoka giya ya folo wilo kuti matayala onse anayi azikoka. Giya inalowa bwinobwino. Koma amene ankazungulira ndi matayala akumbuyo okha, akutsogolo ali duu.

Ndinagona m'matope ndi suti yanga kuti ndione pansi. Abale anga, shafti yopita ku matayala akutsogolo palibe! Pangotsala mabowo a mabauti.

Loleyi amasunga ndi alamu anga a Josamu ku Unit C. Ndinati, "Alamu, shafti ili kuti?"

Iwo anati, "Imangodya dizilo, alamu, m'tauni muno ilibe ntchito. Madzi atasiya kutuluka m'mipope ndinaiwotcherera pa chitsime chathu. Ndi ija timapukusa potunga."

Dzulo lomweli ndinapukusa ndekha chitsulo chimenecho potungira madzi anamfedwa, osachizindikira.

Bokosi tinalisenza pamapewa, matope mpaka m'mawondo. Malume tawaika mochedwa. Lole ikadali komweko, ndipo ikagona kumeneko mawa tiipeza ilibe matayala.

Shafti ina sikupezeka ngakhale m'mashopu a pa Makoni. Chitsimecho n'chakuya, munthu sangakoke ndowa ndi manja. Ndikaichotsa, nyumba zonse za mzere umenewo zibwerera ku madzi a m'ngalande, kolera ili kunjaku. Ndikaisiya, lole yapita.

Achemwali, akulu mwatsala ndinu tsopano. Shaftiyo ndikaimasule kapena ndiisiye?