Bakha wa a Ambrosio

A Ambrosio anawoloka malire kuchokera ku Milanje nthawi ya nkhondo atanyamula sowo, pulena ndi dzina lawo basi. Anakwatira Rosie ku Limbuli, nakhala pachikamwini. Munda unali wa akuchikazi, malo a nyumba a akuchikazi, ngakhale mapeyala a pabwalo ankathyola atapempha. Chawochawo chinali dzinalo. Munthu akafuna kukonzetsa chitseko kapena kukhoma siling'i ankangoti, "Kaitaneni a Ambrosio," ndipo iwo akamva choncho ankayenda ngati dziko ndi lawo.

Paja chakudza sichiimba ng'oma. Mlamu wawo Danieli, mwini mbumba, anabwera kuchokera ku Joni ndi mphatso ya makina oboolera a batire. Makinawo anali achikasu, opangidwa ngati bakha wa m'makatuni a ana, maso ali tong'o, kachitsulo koboolera kakutulukira kukamwa. Ukadina, bakhayo ankayamba walira kaye kuti kwe-kwe asanazungulire.

"Alamu, zoboola pamanja zija zinatha kalekale," anatero Danieli pamaso pa mbumba yonse. "Muzigwirira awa, anthu aone kuti akamwini athu ife timawasamala."

Nanga mkamwini angakane bwanji mphatso ya mwini malo amene iye amagonapo? Anawomba m'manja, nathokoza, mtima ukuwawa.

Chopweteka n'chakuti bakhayo ankaigwiradi ntchito. Felemu ya chitseko imene kale inkawadyera m'mawa wonse tsopano inkalowa madzi a tiyi asanawire. Akanakhala chidole wamba, bwenzi atapeza ponamizira. Ana anayamba kuwalondola kumsika akulira ngati abakha, akabaza nawo anatolera, ndipo mvula isanagwe Limbuli yense ankawatchula a Bakha. A Ambrosio anayesa kumata nkhope ya makinawo ndi tepi yakuda, koma Rosie anamatula, ati achimwene akaona aziti mwawanyoza. Anayesa kuwaiwala dala kunyumba, Danieli anawapititsira yekha panjinga mpaka kuntchito, thukuta lili kamukamu.

Tsono atamva kuti ku Thuchila mphunzitsi wina wopuma, mayi Janet, akukonzetsa nyumba yakale ya makolo awo, anaona ngati apeza popumira. Thuchila n'kutali, anadziuza, kumeneko ine ndikadali Ambrosio. Anakwirira bakha m'thumba la chimanga, namanga zida zawo zakale pakeliyala, napalasa.

Anapeza mayiwo ali pakhonde, amisiri ena awiri ataima kale kudikira ntchito yomweyo.

"Ndine Ambrosio, kalipentala wa ku Limbuli," anatero atavula chipewa.

"Ambrosio?" Mayi Janet anakwinya nkhope. "Pepani bambo, dzinali sindinalimvepo. Ku Limbuli ndinatumizako uthenga, koma kwa mmisiri wina, aja amati a Bakha. Akuti ntchito yawo ndi yaukhondo. Kapena mukuwadziwa?"

A Ambrosio anayang'ana zitseko zodyedwa ndi chiswe, mawindo opindika, denga lofuna mitengo yatsopano. Inali ntchito yodyetsa banja mpaka kukolola. Anayang'ananso amisiri awiri aja, omwe anali atayamba kale kusendera pafupi. Anachita manyazi ngati mwana wogwidwa akunama.

"Ndi ineyo, mayi," anatero chapansipansi. "Ndine Bakha."

"Bwanji osangonena poyamba? Nanga mwamusiya kuti? Adzukulu anga akhala akumudikira."

"Ndibwera naye mawa."