Ku Mbenji Sikupita Akazi

Lero ndadutsa pomwe amawamba utaka, ndipo fungo lake landikumbutsa amalume anga, omwe anali asodzi.

Amayi atamwalira ndinali ndisanayambe sukulu. Azakhali anangondiuza kuti, "Mayi ako awoloka." Ine kowolokera ndinkadziwa kumodzi kokha, ku chilumba cha Mbenji, kumene amalumewo ankapha nsomba. Ndiye boti lawo likamakocheza, ndinkalithamangira mpaka madzi m'mawondo.

"Amalume, amayi mwawasiyanso?"

Ankangondipatsa nsomba yowamba. Tsiku lina, atatopa nane, anati, "Iwe Asiyatu, ku Mbenji sikupita akazi."

Ndinakhala pamchenga, nsomba ili m'manja, osaidya. Sindinafunsenso.

Tsopano ndakalamba kuposa pomwe amayi anafika, ndipo ndazindikira mochedwa kuti nthawi zonse ndikafunsa, ndinkawadzutsira amalume maliro a mlongo wawo.