Esitele ndi Kabokosi ka Lachiwiri

Ndinali pakati pochapa mayunifomu a ana, manja ali thovu lokhalokha, foni italira. Ndinati ilire, ikatopa isiya. Sinasiye. Nditapukuta dzanja pa chitenje n'kuyankha, ndinangomva kukuwa.

"Achemwali! Andipatsa kalata! Ntchito ija ndi yanga!"

Anali mng'ono wanga Esitele. Inu amene mumakonda nkhani zolimbikitsa, nayi yanu. Koma ndifotokoza mwachangu, mayunifomuwa akufunika mawa.

Zaka zisanu zapitazo Esitele anabwerera kwathu kwa Zulu ndi mwana kumbuyo ndi chikwama chimodzi. Mayeso a Fomu 4 anali atalephera kawiri. Bambo wa mwanayo anati akupita ku Chipata kukagula zitenje. Mpaka lero akusankhabe.

Esitele sanakhale pakhonde n'kumadikira. Anasenza dengu la nthochi n'kumakagulitsa pa boda ya Zambia. Zaka zitatu, dzuwa ndi mvula, akuthamangira mawindo a malole. Kenako anapeza ntchito yosesa mu ofesi ya bungwe lina la alimi a mtedza ndi soya pa boma. Anzake akapita ku nkhomaliro, iye ankapempha kukhala pa kompyuta, n'kumabaya ndi chala chimodzi ngati nkhuku yojompha chimanga.

Sekilitale wa pamenepo atasamukira ku Kasungu, mkulu wa ofesi, Mayi Luwiza, anamuitana.

"Ndikukupatsa miyezi itatu. Ukakwanitsa, mpando ndi wako. Ukalephera, tsache lako lija sitinataye."

Ntchito yaikulu inali kukonza misonkhano ya a Bwanali, bambo amene amafunira alimi misika ya mbewu zawo. Aliyense mu ofesimo ali ndi kalendala ya pa kompyuta. Esitele ankatha kutsegula ya a Bwanali, koma ankangoona timabokosi totuwa tosonyeza kuti nthawi imeneyo ndi otanganidwa. Kuti ali kuti, ndi ndani, akutani, sizinkaoneka.

Sabata yachiwiri, ogula mtedza a ku Chipata anapempha kukumana ndi a Bwanali kuti agwirizane za mtedza wa chaka chino. Esitele anaona kabokosi kakuthera 10 koloko, ndipo anaika msonkhano 11 koloko pa ofesi. Sanadziwe kuti kabokosi kameneko kanali msonkhano wa alimi kumidzi ya kuseri kwa Ludzi. Mwezi wa Febuluwale, pa njinga yamoto. A Bwanali anafika 2 koloko, matope mpaka m'mawondo. Alendo anali atamwa tiyi kawiri n'kumapita.

Madzulo ake Esitele anabwera kwanga maso ali psuu. Ine nthawi yonyengerera munthu wamkulu ndilibe.

"Kulira ndiye walira," ndinatero. "Mawa 7 koloko ukakhale uli pa ofesi. Tenga mwanayu um'sambitse."

M'mawa mwake anagogoda yekha pa chitseko cha a Bwanali.

"Bambo, ndinalakwitsa, pepani. Koma ndilakwitsanso. Ine ndimangoona kuti ndinu otanganidwa, komwe muli sindikuona. Nditsegulireni zonse."

A Bwanali anakanda ndevu kwa kanthawi.

"A Esitele, mmenemo simuli za ofesi zokha. Muli ndi zanga."

"Ine ndikufuna nthawi ndi malo, bambo. Zotsalazo ndi zanu."

Anamutsegulira. Timabokosi tija tinayamba kuyankhula. Apa ali kwa alimi ku Kachebere, musaike kanthu mpaka abwereko. Apa ndi Lachisanu masana, ali ku mzikiti. Misonkhano inayamba kuyenda ngati yothiridwa mafuta.

Koma panali kabokosi kamodzi ka Lachiwiri m'mawa, sabata iliyonse, kamene ofesi yonse inkafuna kudziwa. A Bwanali ankasowa osanena komwe apita. Tsopano anthu anadziwa kuti Esitele akuona zonse, ndipo mwadzidzidzi wosesa uja anapeza abwenzi. Ivy, amene amayang'anira nyumba yosungira mbewu, anafika ndi mandasi awiri pa mbale.

"Mnzanga, tandiuza. Ndi mkazi wachiwiri, eti? Ali kwa Kamwendo?"

Esitele anadya mandasi onse awiri, n'kupukuta pakamwa.

"Lachiwiri m'mawa a Bwanali sapezeka. Mukufuna Lachitatu?"

"Iwe, dzulodzuloli unkasesa pansi pa mapazi angawa!"

"Ndipo pankawala," anatero Esitele.

Nthawi yonseyi ankaimbirabe ogula aja. Kanayi konse ankamuyankha kuti aona. Kachisanu, mkulu wawo, a Cyprian, anavomera. Koma anati tsiku ndi limodzi basi, Lachiwiri, 9 koloko m'mawa. Miyezi itatu ija inali itatsala sabata imodzi.

Mayi Luwiza anaimirira pa tebulo la Esitele, manja m'chiuno.

"Alimi mazana atatu akudikira msika umenewu. Iwe uli ndi kalendala. Tandiuza, Lachiwiri amapita kuti, ndione ngati n'zosunthika."

Mayi Luwiza ndiye wosayina kalata ya ntchito. Kumukana kunali kufuna tsache.

"Mayi, zimenezo mukawafunse eni ake. Ine anandionetsa kuti ndizikonza misonkhano. Koma ndipatseni lero lokha, msonkhano uchitika Lachiwiri lomwelo."

Mayi Luwiza anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutuluka.

Zolembedwa m'kabokosi muja zinamuuza Esitele zinthu ziwiri: kuti sikangasunthike, ndiponso kuti pofika 2 koloko a Bwanali amakhala atabwerako. Anatenga foni.

"A Cyprian, Lachiwirilo mubwera pa galimoto yaing'ono?"

"Ayi, pa lole. Tili ndi katundu wotsitsa pa boma."

"Ndiye 9 koloko simufika, bwana. Ine ndagulitsa nthochi pa boda zaka zitatu, mzere wa malole m'mawa ndimaudziwa. Mudzakwiya nokha muli pamzere. Tiike 3 koloko. Mutsitse katundu, mudye, mutipeze takonzeka."

A Cyprian anaphulika kuseka.

"Dikira kaye. Ndiwe uja unkatikuwira kuti nthochi zako n'zotsekemera kuposa za kwathu?"

"Ndipo sindinaname, bwana."

Lachiwiri lole inafika pa boma cha m'ma 1 koloko. Pokwana 3 koloko a Bwanali anali pampando, malaya oyera, opanda dontho la matope. Pofika 5 koloko anali atagwirana chanza. Mtedza wa alimi unapeza msika.

Tsiku lotsatira a Bwanali analowa okha mu ofesi ya Mayi Luwiza n'kutseka chitseko. Zomwe anakambirana, akudziwa ndi awiriwo. Ivy anadutsa pa chitsekocho katatu ndi kapu yopanda tiyi, osamva kanthu.

Ndiye lero Mayi Luwiza am'patsa Esitele kalata. Akuti pomupatsa anati, "Odziwa kompyuta ndingawapeze khumi pa boma pompano. Koma woti aone za mnzake miyezi iwiri, ine amene n'kumufunsa, iye osayetsemula, ndapeza mmodzi."

Nditamva zonsezi pa foni, ndinalulutira mpaka nkhuku zinathawa. Kenako ndinatsitsa mawu.

"Iwe Esitele, poti ntchito wapeza, ndipo tili awiriwiri, bambo amenewa Lachiwiri amapita kuti?"

"Achemwali, Lachiwiri m'mawa sapezeka. Mukufuna Lachitatu?"

Mwana amene ndinam'bereka kumbuyo kwanga ine! Ndinadula foni.

Tsono inu amene mwakhala ndi satifiketi yosakoma, kapena dengu pamutu, kapena tsache m'manja, mverani. Zaka zimene mukuziyesa zotayika sizinatayike. Esitele anapulumutsidwa ndi mzere wa malole umene ankauyang'ana akupsa ndi dzuwa. Mukalakwitsa, pitani mukagogode nokha, mukapemphe chimene chikusowa kuti ntchito iyende. Ndipo munthu akakutsegulirani zake kuti mum'thandize, tengani zokhudza ntchitoyo, zotsalazo muzisiye momwe mwazipezera. Musataye mtima, ndiponso musataye pakamwa.

Basi, ndathana nanu. Thovu laphwa m'beseni, malaya atatu akadali osachapa, ndipo kumwamba cha ku Zambia kwayamba kuda. Wina andipatsire sopoyo.