Makadi Awili pa Goli Limodzi

Alamu anga a ku Kapichila anabwela ndi gilafiki kadi yatsopano, kachitsulo kamene kamayendetsa zithunzi za magemu, kuti ndiwayesele mu kompyuta yanga.

"Muchotse yanuyo, muike iyi yokha," anatelo, n'kupita kumsika.

Koma ine ndinakulila ku ng'ombe. Mutu wanga unati ziwili pa goli limodzi zimakoka pulawo kuposa imodzi. Ndinaisomeka pafupi ndi yanga yakale ya kampani ina, osaganiza n'komwe zoti magetsi a m'katimo sangakwanile zonse ziwili. Gemu ya mpila isanayambe kunamveka phu, kenako fungo la pulasitiki. Yawo inapsa. Nkhalamba yanga yopanda manyazi inapulumuka.

Atabwelako ndinati, "Ndinaika yokha, yangofuka utsi."

Anainunkhiza. Fodya wawo yense wa chaka chino anathela m'kanthu kameneko. Ndinkalakalaka anditukwane, mwina mtima ukanatsika.

"Pepani chomene, alamu," anatelo. "Ndinagula chowola. Chikanakuwotchelani nyumba."

Ndipo ine, munthu wamkulu wandevu zanga, ndinawagwila paphewa n'kunena kuti, "Musadandaule, ndakukhululukilani."